Akatswiri a njinga za m'mapiri tili nawo, angosenza makala

Amene adayendapo mumsewu wa ku Bunda m'bandakucha akudziwa chimene ndikufuna kukamba. Kusanayere, nyali za galimoto zimagwa pamdipiti wa njinga zakapalasa zikulowera m'tauni, iliyonse itasenza matumba atatu kapena anayi a makala, ena opingasa pakeriyala, ena oimika, onse ovekedwa zipewa za timitengo ndi luzi. Mukachokera kumbuyo, mwini njingayo simumuona. Mumangoona katundu akugwedezeka ndi zidendene ziwiri zikusinthana pansi pake. Pamtunda amatsika n'kumakankha, chifuwa chili pahandulo. Pamtsetse amakwera, ndipo poti mabuleki a njinga zambiri zotere adasiya kalekale kugwira, phazi ndilo limakhwekhwereza pansi mpaka katundu amvere.

Loweruka lina m'chilimwe ndidaima pa Mitundu kuti ndigule mbatata. Pomwepo padaimanso galimoto yaikulu, njinga zitatu zitapachikidwa kumbuyo kwake. Eni ake, azungu awiri ndi Mmalawi mnzathu mmodzi, adali atavala makabudula othina, zisoti zili m'manja, ndipo adati akupita kukapalasa cha ku Dzalanyama. Bambo wina amene amabwerera kuchokera m'tauni, matumba ake opanda kanthu atawapinda pakeriyala, adasendera pafupi. Adapempha kuti agwireko njinga imodzi. Ataitsitsa, iye adainyamula ndi dzanja limodzi, n'kuiyang'ana uku ndi uku.

"Nanga katundu mumamanga pati?" adafunsa.

Adamuuza kuti njingayo siya katundu, iwo amangokwera mapiri n'kutsika, basi.

"Ndiye kuti mwathira mafuta m'galimoto kuti mudzatope?" Adaseka mpaka kugwira m'mimba, ndipo ife tonse tidaseka naye.

Ndidaseka, koma pobwerera kunyumba nkhaniyi idandikhala pamtima. Njira zimene alendo aja amakazifuna, bambo uja amazidziwa ngati chikhatho chake. Luso limene iwo amaliphunzira Loweruka lokha, iye amaligwiritsa ntchito sabata ndi sabata, usiku, katundu wolemera kuposa thupi lake ali kumbuyo. Kusiyana kwake n'kwakuti iwo akatuluka m'nkhalango mitengo imatsala ili chiimire, pamene iye kuti ana ake adye, mtengo uyenera kugwa. Maganizo anga ndi akuti dera la kummwera kwa Lilongwe likhale ndi njira zodziwika bwino zopalasamo njinga, zochokera ku Nathenje ndi ku Mitundu, zodzera kumadamu a ku Malingunde mpaka kukwera Dzalanyama, ndipo ntchito ya njira zimenezi ikhale m'manja mwa anthu ngati bambo ameneyu.

Tiyambe tamvana za masewerawa, poti ena angaganize kuti ndi zachilendo kwambiri. Kupalasa njinga m'mapiri kudayamba m'zaka za m'ma 1970 ku California, m'dziko la America, pomwe anyamata ena ankatola njinga zakale, zolemera, n'kumathamangitsana nazo potsika phiri la Tamalpais. Mpikisano wawo wotchuka, umene udayamba mu 1976, adautcha Repack chifukwa akafika pansi girizi wa m'mabuleki amakhala atapsa ndipo amayenera kuthiramo wina. Mwamva? Zidayamba ndi zikwakwa za njinga ngati zomwe zili mbwee pa Mitundu. Magiya, matayala a mano ndi zitsulo zopepuka zidabwera pambuyo. Pofika 1996 masewerawa adalowa m'mipikisano ya Olympics ku Atlanta, ndipo lero pali anthu amene amakwera ndege kupita maiko akutali pofuna njira yabwino yafumbi basi.

Kuno kwathu malo amene amatchulidwa kwambiri ndi ku Nyika. Amene sadafikeko angavutike kukhulupirira kuti ndi Malawi yemweyu. Pamwamba pa phirilo, mamita oposa 2,000 kuchokera pamlingo wa nyanja yamchere, pali timapiri ta udzu wokhawokha tongotsatizana mpaka pomwe maso alekezera, mitengo ili m'makwawa mokha. Kumazizira mpaka madzi kuchita chipale m'mwezi wa June ndi July. Mlendo amachoka ku Chelinda panjinga, kudutsa madamu a kumeneko, kukafika ku kanyanja ka Kaulime komwe nyama zimakamwa, mbidzi ndi nchefu zikumuyang'ana chapatali. Ku Viphya kuli Luwawa, komwe njira zimazungulira damu pakati pa mitengo ya paini, ndipo kwakhala kukuchitika mipikisano ya njinga. Pa phiri la Zomba palinso njira zodzera ku damu la Mulunguzi.

Malo onsewa ndi okongola, palibe angatsutse. Vuto ndi mtunda. Munthu wa ku Lilongwe kuti akafike ku Chelinda ataya tsiku lonse panjira, ndipo kuchokera ku Rumphi msewu wake umafuna galimoto yamphamvu. Amenewo ndi maulendo a kamodzi pachaka kwa amene ali nazo. Koma munthu amene wagula njinga ya m'mapiri amafuna kuikwera Loweruka lililonse, ndipo mumzinda wa Lilongwe anthu otere akuchuluka: ogwira ntchito m'mabungwe, m'maofesi a akazembe, ndi Amalawi amene adokotala adawauza kuti achepetse mimba. Ambiri amangozungulira m'misewu ya tara m'tauni, kulimbana ndi maminibasi.

Pomwe kuseri kwa nyumba yawo kuli chiyani? Kuli phiri la Bunda, mwala umodzi waukulu umene umaonekera patali. Kum'mawa, mukadutsa Nathenje n'kukhotera pa Kamphata, kuli phiri la Nkhoma ndi mishoni yake ya 1896. Kumadzulo kuli Malingunde, komwe kuli madamu awiri a Kamuzu pamtsinje wa Lilongwe, loyamba la 1966, lachiwiri la 1989, ndipo amene adaimapo m'mbali mwake madzulo akudziwa kuti ndi nyanja ndithu, ngakhale ndi yokumba. Kupitirira apo ndiye Dzalanyama, mapiri otsatizana m'malire ndi dziko la Mozambique, nkhalango imene boma lidaiteteza mu 1922, ya mahekitala pafupifupi 99,000. Udzu wa ku Nyika kulibe, zoona, koma kuli mitengo ya mombo ndi masuku, madambo, timitsinje ta miyala, ndiponso mbalame zimene anthu ena amachokera kunja kudzaziona. M'nkhalangomo muli kale nyumba ya alendo, Dzalanyama Forest Lodge, ndipo ofika kumeneko amayenda pansi ndi kupalasa njinga. Pakati pa malo onsewa pali misewu yafumbi ndi tinjira ta m'midzi tosawerengeka.

Tinjira timeneti sitidalembedwe pamapu, koma tili m'mitu mwa anthu. Wamakala amadziwa kuti mtsinje wakuti amawolokera pati mvula ikagwa. Amadziwa pamene pali mchenga wogwetsa, pamene pali dothi lamakande lomata matayala, chitunda chimene ungachikwere uli pachishalo ndi chimene uyenera kutsika. Amadziwa mudzi umene uli ndi mjigo wa madzi abwino. Tcheni ikaduka pakati pa thengo amailumikiza ndi msomali ndi mwala. Chubu chikabooka, zomatira palibe, amamanga pobookapo ndi mphira n'kupopa, ulendo n'kupitirira. Sipoko ikathyoka amadziwa yoti amasule mbali inayo kuti gudumu lisapindike. Zonsezi palibe adamuphunzitsa m'kalasi, ndipo palibe amamulipira chifukwa cha luso limeneli. Amalipidwa chifukwa cha makala okha.

Ndipo ndalama yake ndi yotani? Ulendo umodzi umadya masiku awiri kapena atatu: kupita kuuvuni, kulongedza, kuyenda usiku, kugona m'khonde la sitolo, kukafika kwa Biwi, ku Kawale kapena ku Area 36, ndipo odzera ku Likuni amakatsitsa ku Chinsapo. Akakumana ndi a zankhalango, makala apita, njinga nayo yapita, ndipo njingayo mwina ndi yobwereka. Msana umatha munthu asanakalambe. Sindikumuikira kumbuyo, chifukwa chimene akuchita n'cholakwira lamulo ndipo chikupha nkhalango. Koma tisanamutche dzina loipa tikumbuke amene akumudikirira kumapeto kwa ulendowo. Kalembera wa 2018 adapeza anthu pafupifupi 989,000 mumzinda wa Lilongwe, ndipo m'dziko lonse mabanja 11 okha mwa 100 alionse ndiwo ankaunikira magetsi. Ngakhale m'nyumba zamagetsizo mbaula siisowa pakhonde. Inenso ndili nayo. Inu amene mukuwerenga, nsima ya dzulo idapsa ndi chiyani?

Apa ndiye pagona nkhani, chifukwa mbaula yomweyo ikudya madzi athu. Mtsinje wa Lilongwe umachokera m'Dzalanyama, Diamphwe nayenso chimodzimodzi. Mitengo ikatha kumtunda, mvula imathamanga pamwamba pa nthaka m'malo molowa pansi, imakokolola dothi n'kukalitaya m'damu, ndipo chilimwe chikafika mtsinje umachepa msanga. Amene adali mumzindawu mu 2016 akukumbukira momwe Lilongwe Water Board idagawira madzi mosinthanasinthana, amayi akudzuka pakati pa usiku kukatchera zidebe pampopi. Khoma la damu loyamba lija adalikweza ndi mamita 7 kuti lizisunga madzi ambiri, ndipo ndi ntchito yabwino. Koma kukulitsa nkhokwe sikudzaza nkhokwe. Madziwo ayenera kuchokera kwinakwake.

Boma silidangokhala. Mu 2015 asilikali a Malawi Defence Force adatumizidwa kukalondera nkhalangoyi. Bungwe la JICA la ku Japan lidathandizapo pantchito yoisamalira kuyambira 2016. Mu 2017 kudatuluka ndondomeko ya dziko lonse yokhudza makala, ndipo mu 2020 lamulo la zankhalango lidakhwimitsidwa, zilango n'kukwera. Zonsezi zidathandizako, sindikana. Komabe pitani pamsewu wa Bunda mawa m'mamawa mukaone ngati mdipiti uja watha. Mfuti imatha kutseka njira imodzi, koma munthu wanjala amatsegula ina. Chimene takhala tikulephera ndi kumupatsa chifukwa choti iye mwini aufune mtengowo uli wamoyo. Timamuuza kuti nkhalango ndi chuma chake, koma chuma chimene sichidamugulirepo ngakhale mchere n'chovuta kuchikhulupirira.

Anzathu a ku Rwanda adayenda njira imene ingatiphunzitse kanthu. Dziko lawo ndi la mapiri okhaokha, ndipo njinga kumeneko ndi ngolo ya wosauka, monga kuno. Mu 2006 kudachitika mpikisano wotchedwa Wooden Bike Classic, umene adauyambitsa ndi thandizo la Tom Ritchey, mmodzi mwa amene adapanga njinga zoyamba za m'mapiri ku California kuja. Mnyamata wina amene adaonekera pampikisanowo, Adrien Niyonshuti, adakapikisana nawo pa njinga za m'mapiri ku Olympics ya ku London mu 2012, ndipo ndiye adanyamula mbendera ya dziko lake. Wina mwa amene adalowa m'timu ya dzikolo, Gasore Hategeka, adali wakabaza, wonyamula anthu ndi matumba a mbatatesi. Mu 2011 adatsegula njira yotchedwa Congo Nile Trail, ya makilomita oposa 200 m'mbali mwa nyanja ya Kivu, imene alendo amaiyenda pansi kapena panjinga, akugona ndi kudya m'midzi ya m'njira. Mu September 2025 mzinda wa Kigali udachititsa mpikisano wa dziko lonse lapansi wa njinga za pamsewu, koyamba mu Africa muno.

Sindikunena kuti Mitundu idzasanduka Kigali. Ndikungoti miyendo imene idafika ku London ndi miyendo yomwe ija ya kabaza. Ife miyendo yotere timaiona tsiku ndi tsiku, koma timaiona ngati mlandu woyenda.

Nanga njira ndikunenazi zingaoneke bwanji? Sizifuna thirakitala, sizifuna tara, ndipo chonde pasabwere wina ndi maganizo omanga chipata cha simenti chokhala ndi mwala wotsegulira. Chofunika ndi kusankha tinjira tomwe tilipo kale n'kutilumikiza: ina yaifupi ya ana ndi ongoyamba kumene, yozungulira phiri la Bunda, ina yochoka pa Mitundu kukafika kumadzi ku Malingunde n'kubwerera, ina ya amuna ndi akazi olimba mtima, yokwera m'nkhalango, ndi ina ya kum'mawa, yochokera ku Nathenje kulowera ku Nkhoma. Paikidwe zikwangwani zosavuta, ngakhale utoto pamwala. Pamene madzi amadula njira pakumbidwe ngalande. Udzu uzitchetchedwa mvula ikatha. Pa Mitundu ndi pa Nathenje pakhale malo amodzi odziwika pomwe mlendo angasiye galimoto, kupeza womutsogolera, kulipira mtengo wolembedwa poyera ndi kulandira lisiti. Wina akagwa n'kuthyoka, chipatala cha Mitundu ndi cha Nkhoma zili pafupi, chinthu chimene ku Chelinda sangachinene.

Ntchito zonsezi, kutsogolera alendo, kukonza njira, kulondera galimoto, kukonza njinga, ndi zimene anthu a m'derali amazitha kale. Anyamata a kabaza wa njinga, amene njinga zamoto zawalanda makasitomala m'zaka zapitazi, angapezepo pogwira. Amayi amene amagulitsa zitumbuwa, nthochi, thobwa, masuku ndi bowa panyengo yake angakhale ndi ogula atsopano, ndipo sindikuona chifukwa choti atsikana asakhale nawo m'gulu la otsogolera alendo, poti kumidzi kuno mayi amapalasa njinga mwana ali kumbuyo, thumba la chimanga lili pakeriyala. Mlimi wa njuchi angagulitse uchi wake pamphambano. Koma lamulo la gululo likhale limodzi ndipo lisapindike: amene walowa, nkhwangwa ndi uvuni wasiya. Akapezeka nazo, malo ake apatsidwe wina.

Ndikudziwa kuti ena apukusa kale mitu, ndipo zifukwa zawo sizopanda nzeru. Choyamba n'chakuti alendo a njinga ndi ochepa pomwe amakala ndi miyandamiyanda. N'zoona. Ngakhale zitayenda bwino chotani, njirazi zingalembe anthu makumi angapo, osati zikwi. Amene angakuuzeni kuti njinga za alendo zithetsa makala akukunamizani. Makala adzachepa tsiku limene gasi ndi magetsi zidzatsike mtengo m'tauni, ndipo imeneyo ndi nkhondo ya ku Capital Hill, siya pa Mitundu. Koma taganizani za anthu makumi atatu amene amadziwa uvuni uliwonse m'nkhalangomo, amene tsopano chakudya chawo chikudalira kuti njira ikhale ndi mthunzi. Mlendo salipira kuti akapalase pakati pa zitsa ndi phulusa. Anthu makumi atatu amenewa ndi maso amene boma silingawagule ndi alawansi. Ndiponso njira imene pamadutsa anthu Loweruka lililonse, mafoni ojambula ali m'manja, lole yonyamula makala imaiopa kuposa njira ya zii.

Pajatu tisaiwale kuti si makala onse amayenda panjinga. Ambiri amayenda pamalole usiku, atafunditsidwa matenti, ndipo eni ake sagona m'khonde la sitolo. Wanjinga ndi amene amagwidwa kawirikawiri chifukwa ndiye wosavuta kugwira.

Chachiwiri chikhoza kuchokera kwa oyang'anira madzi ndi nkhalango: kodi kulowetsa anthu ambiri kufupi ndi damu lomwe mzinda wonse umamwa si kuitana zinyalala ndi moto? Funso labwino. Yankho lake ndi malire omveka. Njira idutse pomwe a Water Board avomereza, isayandikire pomwe amatengera madzi, pasakhale kusamba kapena kutsuka njinga m'damu, ndipo wotsogolera aliyense atuluke ndi mabotolo onse amene gulu lake lidalowa nawo. M'nkhalango namo, a nthambi ya zankhalango ndiwo anene pomwe padutsidwe. Lamulo la zankhalango la 1997 limalola kale kuti boma ligwirizane ndi anthu a m'midzi pa kasamalidwe ka nkhalango, ndipo makomiti a zachilengedwe m'midzi alipo. Pepala lilipo, changotsala n'kulipatsa ntchito yooneka ndi maso.

Chachitatu ndi chimene anthu a m'tauni amachiiwala msanga. Dera limeneli ndi la Achewa, ndipo si thengo lililonse ndi thengo wamba. Pali manda, pali dambwe. Kamsitu kamene mlendo angakaone ngati malo abwino opumulirapo kangakhale malo oti wosameta sapondako. Phiri la Bunda lili ndi mbiri ya zopempha mvula. M'Dzalanyama momwemo ndimo muli Kaphirintiwa, pamene makolo amati anthu oyamba ndi nyama adatsikira n'kusiya mapazi pathanthwe, ndipo chakufupi kuli Msinja, kwa Makewana. Njira yojambulidwa pakompyuta mu ofesi ku City Centre idzalowa pamene sipalowedwa, ndipo tsiku limene mlendo adzathamangitsidwe ndi gule ndilo tsiku limene ntchito yonse idzathere pomwepo. Safunsa adadya phula. Mafumu a madera a Chadza, Chiseka, Masula, Masumbankhunda ndi Mazengera, pamodzi ndi nyakwawa zawo, akhale oyamba kufunsidwa, osati kuitanidwa patsiku lotsegulira kuti adzangolandira fanta. Ndiwo anene kuti apa dutsani, apa lambalalani, apa jambulani, apa foni ibwerere m'thumba. Ndipo mbiri zimenezi, zikakambidwa ndi mwini dera mwaulemu wake, ndi zimene mlendo sangazipeze ku Nyika kapena ku Cape Town.

Chachinayi ndiye chimene ine ndimachiopa kuposa zonse. Tazionapo kambiri m'dziko muno: maganizo abwino amabadwira kumudzi, koma akangonunkhira ndalama amasamukira m'tauni. Pamabwera kampani ya munthu wodziwika, kapena bungwe lokhala ndi galimoto zoyera, misonkhano ichitikira kunyanja, otsogolera alendo abwera kuchokera kwina chifukwa akuti amatha Chingerezi, ndipo mwini dera atsala wotchetcha udzu wolipidwa mwa apo ndi apo. Zikatero bambo uja wa pa Mitundu adzayang'ana njinga zikudutsa pakhomo pake, fumbi likumuthira, n'kubwerera kuuvuni, ndipo adzakhala ndi chifukwa. Chingerezi cha panjira si chambiri: kumanzere, kumanja, chenjerani, tsikani, imwani madzi. Munthu amene adaphunzira yekha kulumikiza tcheni ndi msomali angachiphunzire m'mwezi umodzi. Sukulu ya ukachenjede ya LUANAR ili pa Bunda pomwepo, ili ndi ophunzira zankhalango ndi zachilengedwe amene amafuna pochitira kafukufuku. Athandize kujambula mapu, kuphunzitsa chithandizo choyamba ndi kasungidwe ka mabuku a ndalama. Koma gululo likhale la eni dera, lolembetsedwa m'dzina lawo, akaunti yake osayinira akhale iwo, ndipo gawo la ndalama iliyonse yolowa lizipita kumudzi umene njira yadutsamo, lolengezedwa pabwalo anthu onse akumva.

Pali amene anganene kuti njinga zakezo n'zodula, wakumudzi sangazikwanitse. Poyamba safunika kukhala nazo. Mlendo amabwera ndi yake. Wotsogolera angayambe ndi Hero kapena Buffalo yake yomweyo, atangoikonza mabuleki, ndipo ndikukutsimikizirani kuti pachitunda si iye amene adzatsalire. Njinga za magiya zakaunjika zilinso m'misika ya m'tauni. Gulu likayamba kupeza kangachepe lingagule ziwiri zitatu zobwereketsa, n'kumaonjezera pang'onopang'ono. Choipa n'kuyamba ndi kupempha makontena a njinga kunja, zimene zikathyoka zipangizo zake sizipezeka pa Nathenje.

Poyambira penipeni, ine ndikuona, ndi mpikisano. Amalawi timakonda mpikisano, ndipo ku Mulanje adationetsa kale: mpikisano wa onyamula katundu wa alendo paphiri, Porters' Race, udayamba ngati wa anyamata a ntchitoyo ndipo udakula mpaka kumakoka othamanga ochokera kutali. Bwanji osakhala ndi wathu wa njinga, kamodzi pachaka, m'mwezi wa June kapena July kukuzizira, fumbi lisanachuluke? Uyambire pa Mitundu, ukafike kumadzi ku Malingunde, ubwerere. Pakhale chigawo cha njinga za magiya, cha amayi, cha achinyamata, ndi chigawo chachikulu cha njinga zopanda magiya, momwe wakabaza ndi wamakala angalowe osafunsidwa kuti dzulo adagona kuti. Mphotho zikhale zogwirika: njinga yatsopano, matayala, matumba a feteleza. Khumi oyambirira m'chigawo chimenechi ndiwo akhale oyamba kuphunzitsidwa kutsogolera alendo. A Cycling Federation of Malawi abwere ndi wotchi ndi kope, chifukwa mwina mwana amene akumufuna kuti adzanyamule mbendera yathu kunja ali m'gulu limenelo.

Ndalama zake zichokere kuti? Lilongwe Water Board idaikapo kale ndalama pakulondera Dzalanyama, ndipo ikudziwa bwino mtengo wa damu lodzaza matope. Makampani amene amagulitsa zakumwa ndi madzi a m'mabotolo mumzindawu amadalira mtsinje womwewo. Mabanki ndi makampani a mafoni amathira mamiliyoni m'mpira ndi gofu chaka ndi chaka. Khonsolo ya boma la Lilongwe imatolera ziphaso m'misika ya Mitundu ndi Nathenje, ndipo tsiku la mpikisano msika udzadzaza. Poyerekeza ndi zimene zimathera m'misonkhano yokambirana za kutha kwa mitengo, mpikisano wotere ndi ndalama ya mchere.

Bambo uja ndidakumana nayenso patapita miyezi, pamalo okonzera njinga pafupi ndi msika, akumangitsa masipoko. Ndidamukumbutsa za alendo aja, ndipo ndidamufunsa ngati angalole kuwatsogolera atamulipira. Adayamba wafunsa kuti ndalama zingati, kenaka ngati amalipira tsiku lomwelo kapena mpaka mwezi uthe. Nditamuuza za mpikisano adasiya kuseka. Adafunsa kuti njira yake idzadzera mbali iti ya dambo, chifukwa mbali ina ili ndi mchenga ndipo amagiya aja adzagwa onse. Adatola kamtengo n'kuyamba kundijambulira pansi: apa mjigo, apa mlatho wa mitengo, apa manda tilambalale, apa chitunda chimene iye amakankha akakhala ndi matumba anayi.

"Koma wopanda katundu," adatero, "pamenepa sinditsika."